Kompyuta ya mu labotale si yogwiragwira: mmene imayendetsera makina oyeza TB

Mukatsokomola kwa milungu iwiri kapena kuposerapo n'kupita kuchipatala, amakupatsani kabotolo koti mulavuliremo makhololo. Mukapereka kabotoloko, chotsala n'kudikira basi. Zomwe zimachitika mkati mwa labotale ambirife sitiziona.

Mutaloledwa kusuzumiramo, m'zipatala zambiri za m'maboma mungapeze bokosi looneka ngati kafiriji kakang'ono, lokhala ndi timakomo tinayi kutsogolo kwake. Pambali pake pamakhala kompyuta yosasiyana maonekedwe ndi ya mu ofesi ina iliyonse. Bokosilo ndi makina a GeneXpert, omwe amayeza chifuwa chachikulu cha TB. Kompyutayo ndiyo imawalamula.

Mwina mungadabwe kumva kuti pa kompyuta imeneyi salola munthu kulowetsapo fulashi, kutchajirapo foni, kulemberapo kalata kapena kutsegulirapo Facebook, ngakhale pa nthawi yomwe yangokhala. Si kuuma mtima kwa akuluakulu a labotale ayi. Kompyuta yotere ndi chiwalo cha makinawo. Yankho lomwe wodwala akudikira pabenchi, komanso zomwe ochita kafukufuku adzalembe zokhudza matendawa, zimadalira mmene anthu akuigwirira.

Bokosi palokha silingakuuzeni kanthu

Makina a GeneXpert amapangidwa ndi kampani ya Cepheid ya ku California m'dziko la America. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti aziyezera TB mu Disembala 2010, patangotuluka zotsatira za kafukufuku yemwe adachitika pa odwala 1 730 m'maiko a Peru, Azerbaijan, South Africa ndi India.

Makinawa asadabwere, njira yofala idali yoyang'ana makhololo pa maikulosikopu. Njira imeneyi imafuna kuti tizilombo tikhale tochuluka zedi, masauzande pa mililita imodzi, kuti tioneke. Njira ina, yomeretsa tizilombo mu labotale, imatenga milungu ingapo. GeneXpert amapereka yankho pasanathe maola awiri, ndipo amanenanso ngati tizilomboto tikumva kapena sitikumva rifampicin, omwe ndi amodzi mwa mankhwala akuluakulu ochizira TB.

Ntchito imayamba ndi manja a munthu. Woyeza amasakaniza makhololo ndi mankhwala apadera, magawo awiri a mankhwala pa gawo limodzi la makhololo, n'kudikira mphindi 15 kuti asungunuke. Kenako amatunga mamililita awiri n'kuthira mu katiriji. Katiriji ndi kabokosi ka pulasitiki kokwana m'dzanja, komwe kamabwera ndi mankhwala ake mkati ndipo kamagwira ntchito kamodzi kokha.

Katirijiyo ikalowa m'makina, kachitsulo konga ka jakisoni kamakankha madzi aja kuchoka m'kachipinda kena kupita kena. Tizilombo timasefedwa, n'kuphwanyidwa kuti DNA yake ituluke. DNA ndi chinthu chomwe chimasunga malangizo a chibadwa cha chamoyo chilichonse, ndipo ya kachilombo ka TB ili ndi zidutswa zomwe sizipezeka mwa tizilombo tina. Makina amatenthetsa ndi kuziziritsa madziwo mobwerezabwereza. Ulendo uliwonse, kachidutswa ka DNA komwe akukafuna, ngati kalimo, kamachuluka kawiri: kamodzi kamabala tiwiri, tiwiri timabala tinayi, tinayi timabala 8. Pakatha maulendo 30, kachidutswa kamodzi kangathe kufika pa 1 biliyoni. Iyi ndiyo njira ya PCR, yomwe mudaimva kwambiri nthawi ya Covid-19.

DNA ikamachuluka, mankhwala a mu katiriji amawala, ndipo makina ali ndi maso ake oyezera kuwalako. Koma bokosi la mtundu wofalawu lilibe sikirini kapena kiyibodi. Limalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe. Kompyuta ndiyo imauza makina kuti katiriji iyi ndi ya TB, osati ya HIV, ndiye itenthetsedwe motere, kangapo motere. Ndiyonso imalandira manambala a kuwala kuja, n'kuwasandutsa mawu oti dokotala awerenge, n'kuwamata pa dzina la munthu. Popanda iyo, bokosilo lili ngati galimoto yopanda chiwongolero.

Makina omwewa ndi chida cha kafukufuku

Musaganize kuti nkhaniyi ikukhudza wodwala mmodzi yekha. Makina omwewa amagwira ntchito pa kafukufuku, ndipo zotsatira zake zimathandiza kusintha ndondomeko za chithandizo m'maiko ambiri.

Chitsanzo chili konkuno. Pakati pa 2015 ndi 2017, pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi pa chipatala cha Edendale ku South Africa padachitika kafukufuku wotchedwa STAMP. Anthu oposa 2 500 omwe ali ndi HIV ndipo adagonekedwa m'chipatala adatenga nawo mbali. Funso lidali lakuti: kodi kuyeza mkodzo, kuwonjezera pa makhololo, kungathandize kupeza TB yobisika mwa odwala oterewa? Njira imodzi yoyezera mkodzowo idali GeneXpert. Zotsatira zidatuluka mu 2018 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo zidasonyeza kuti kuyeza mkodzo kudathandiza kupeza anthu ambiri a TB omwe akadaphonyedwa.

Kafukufuku wotere amaima pa zotsatira masauzande, ndipo chilichonse chimayenera kukhala ndi mbiri yake: adayeza ndani, tsiku liti, nthawi yanji, pa kakhomo kati ka makina, ndi katiriji yochokera m'gulu liti. Oyendera kafukufuku amabwera kudzayerekeza zomwe zalembedwa m'mabuku ndi zomwe zili m'kompyuta. Zikapezeka kuti sizikugwirizana, zotsatirazo zimakayikitsa, ndipo khama la anthu omwe adadzipereka kuyezedwa limalowa m'madzi. N'chifukwa chake malamulo a kompyuta yoyendetsa makina amakhala okhwima kulikonse, kaya ndi makina owerenga DNA, oyeza magazi kapena oyang'anira nyenyezi.

Kuyambira kuyatsa mpaka kutsegula kakhomo

Tiyeni titsate woyeza pa ntchito yake, muone malo omwe zinthu zingasokonekere.

Choyamba ndi kuyatsa. Amayamba bokosi, kenako kompyuta. Akatero, pulogalamu ya GeneXpert ikatseguka imapeza makina ali maso kale, n'kuyamba kuwafufuza kakhomo ndi kakhomo ngati ali bwino. Kakhomo kalikonse kamagwira ntchito pakokha. Kamodzi kakawonongeka, tinato timapitiriza.

Chachiwiri ndi kulowa ndi dzina. Woyeza aliyense amayenera kukhala ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Pulogalamuyi imalola kugawa anthu m'magulu atatu: ena amangoyeza ndi kuona yankho, ena amaona zambiri za mmene kuyezako kwayendera, ndipo woyang'anira yekha ndiye ali ndi mphamvu yosintha zinthu zikuluzikulu. Anthu asanu akamagwiritsa ntchito dzina limodzi, pasiwedi italembedwa pa kapepala komata pa sikirini, zimaoneka ngati zikupeputsa ntchito. Koma tsiku lomwe padzapezeke vuto, palibe angadziwe kuti adayeza ndani. Cholinga si kufuna womudzudzula. Ngati katiriji za munthu mmodzi ndizo zimakanika kawirikawiri, mwina akuthira madzi ochepa kapena sakudikira mphindi 15 zija, ndipo akufunika kumuphunzitsanso. Izi zimadziwika pokhapokha aliyense akamalowa ndi dzina lake.

Chachitatu ndi kuwerengetsa katiriji. Katiriji iliyonse ili ndi chizindikiro cha timadontho takuda chomwe amachiwerenga ndi sikana ya m'manja. M'chizindikiromo muli mtundu wa kuyeza, nambala ya gulu lomwe katirijiyo idapangidwira, nambala yakeyake ndi tsiku lomwe idzathe mphamvu. Zonsezi zimalowa m'kompyuta popanda wina kutayipa.

Chachinayi ndi nambala ya wodwala, ndipo apa ndiye pofunika kudekha kwenikweni. M'malo ambiri nambalayi amaitayipa pamanja. Taganizani mabotolo awiri ali pa tebulo, lina nambala yake yothera 68, linalo yothera 86. Woyeza watopa, foni ikulira, wina akugogoda pawindo. Akasinthanitsa manambalawo, makina ayeza molondola ndithu, koma yankho lipita kwa munthu wolakwika. Yemwe alibe TB ayamba kumwa mankhwala a miyezi 6 pachabe. Yemwe ali nayo abwerera kunyumba atauzidwa kuti palibe vuto, n'kumakatsokomolera ana ake. Kompyuta singazindikire cholakwa chotere, chifukwa imakhulupirira chilichonse chomwe zala zalemba. Motero lamulo ndi loti azigwira botolo limodzi pa nthawi imodzi, alembe nambala m'mbali mwa katiriji, ndipo ayerekeze botolo, fomu ndi sikirini asanadine batani loyambitsa.

Akadina, nyali yobiriwira imaphethira pa kakhomo komwe kasankhidwa. Amaika katiriji, n'kutseka. Kakhomoko kamadzikhoma mpaka kuyeza kutatha. Kuyambira pamenepo, ntchito ya woyeza ndi kusasokoneza: osatseka pulogalamu, osagwedeza chingwe, osazimitsa kanthu.

Si yankho lililonse lomwe ndi "inde" kapena "ayi"

Kuyeza kukatha, sikirini imaonetsa yankho m'Chingerezi. Ikhoza kunena kuti TB yapezeka kapena sinapezeke. Ikapezeka, imanenanso kuchuluka kwake, komanso ngati tizilomboto tikumva rifampicin.

Kuchulukako kompyuta imakudziwa powerenga maulendo a kutenthetsa ndi kuziziritsa aja. Makhololo okhala ndi tizilombo tambiri amayamba kuwala msanga, pakangopita maulendo ochepa. Okhala ndi tochepa amachedwa. Woyeza wodziwa ntchito samangowerenga mawu okha. Amatha kutsegulanso chithunzi cha mizere yosonyeza mmene kuwalako kwakwerera, n'kuona ngati zikumveka.

Pali mayankho ena atatu omwe sanena za thupi lanu, koma za kuyeza kwenikweniko. Loyamba ndi "Invalid". Mu katiriji iliyonse ya TB muli tizilombo tina tosavulaza tomwe opanga adaikamo dala ngati mboni. Ngati TB sinapezeke ndipo mboniyonso sinaoneke, ndiye kuti ntchito sinayende bwino mkatimo, ndipo kompyuta imakana kunena kuti mulibe TB. Lachiwiri ndi "Error", lomwe limabwera ndi nambala yosonyeza chomwe chavuta, monga makhololo olimba kwambiri omwe atseka sefa, kapena madzi ochepa mu katiriji. Lachitatu ndi "No result", kutanthauza kuti kuyeza kwadukira panjira, mwina chifukwa magetsi azima kapena wina waimitsa.

Nambala za "Error" ndi chuma kwa woyang'anira labotale. Zikamalembedwa m'buku nthawi zonse, zimaulula ngati vuto lili pa kakhomo kamodzi, pa gulu limodzi la katiriji kapena pa kakonzedwe ka makhololo. Chizolowezi choipa kwambiri pa kompyuta yotere ndi kudina "OK" pa uthenga uliwonse osauwerenga, pofuna kuti uchoke pa sikirini. Uthenga umenewo ndi njira yokhayo yomwe makina ali nayo yokuuzirani kuti akudwala.

Wotchi ndi chingwe

Pakona ya sikirini pali tsiku ndi nthawi. Pa kompyuta ya kunyumba, wotchi ikasokonekera palibe chimavuta kwenikweni. Pa kompyuta ya makina, nthawi imeneyi imadindidwa pa yankho lililonse, ndipo pulogalamu imaidalira pozindikira katiriji yomwe yatha mphamvu, n'kuikana.

Katiriji zikasowa, wina angaganize zobweza tsiku m'mbuyo kuti zotha mphamvu zilandiridwe. Akatero walakwitsa ziwiri. Wayeza munthu ndi mankhwala omwe palibe akutsimikiza kuti akugwirabe ntchito, ndipo wadinda tsiku labodza pa zotsatira zonse za nthawi imeneyo. Palinso vuto lobwera lokha: kabatire kakang'ono ka mkati mwa kompyuta, komwe kamasunga nthawi ikazimitsidwa, kakatha mphamvu, tsiku limabwerera zaka zambiri m'mbuyo. N'chifukwa chake kuyang'ana tsiku m'mawa uliwonse ndi mbali ya ntchito.

Mavuto a wotchi ndi chingwe sasankha labotale yosauka kapena yolemera. Mu Seputembala 2011, akatswiri a kafukufuku wotchedwa OPERA adadabwitsa dziko. Iwo ankayeza liwiro la tinthu ting'onoting'ono totchedwa neutrino, tomwe tinkatumizidwa kuchokera ku CERN pafupi ndi mzinda wa Geneva kupita ku Gran Sasso m'dziko la Italy, mtunda wa makilomita pafupifupi 730. Zotsatira zawo zidasonyeza ngati tinthuto tikuthamanga kuposa kuwala, chinthu chomwe sayansi imati n'chosatheka. Akatswiriwo adapempha anzawo kuti awathandize kufufuza. Mu February 2012 kudadziwika kuti chingwe chotengera uthenga wa nthawi kuchokera ku GPS kupita ku wotchi ya makinawo sichidamangidwe bwino. Chitamangidwa n'kuyezanso, chodabwitsa chija chidatha. Ngati chingwe chimodzi chidasokoneza akatswiri oposa 100, chingwe chomwe wina wachikoka posesa kuseri kwa tebulo chingatayitse yankho la wodwala.

Fulashi, intaneti ndi mavairasi

Aliyense yemwe adapitako kosindikizitsa zikalata m'tauni amadziwa vairasi ija yomwe imabisa mafayilo onse a pa fulashi n'kusiya tizithunzi tachabechabe. Fulashi yomweyo ikalowa pa kompyuta ya makina, vairasi imasamukira pomwepo. Foni yolumikizidwa kuti itchajidwe ingachitenso chimodzimodzi. Kompyuta ikayamba kuchedwa kapena kudzizimitsa pakati pa kuyeza, katiriji zinayi zingawonongeke nthawi imodzi, ndipo anthu anayi angafunike kudzaperekanso makhololo. Mu 2023, mtengo wa katiriji imodzi ya TB wa maiko osauka udatsitsidwa kufika pafupifupi madola 8 a ku America. Koma chodula kwambiri ndi ulendo wachiwiri wa wodwala wochokera kutali, yemwe mwina sadzabweranso.

Zoopsa zina zimadzera pa intaneti kapena pa zingwe zolumikiza makompyuta a m'chipatala chimodzi. Pa 12 Meyi 2017, vairasi yotchedwa WannaCry idagwira makompyuta m'maiko oposa 150. Inkakhoma mafayilo n'kumafuna ndalama kuti iwatsegule. Ku England idasokoneza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mabungwe oyendetsa zipatala za boma, ndipo maulendo pafupifupi 19 000 okaonana ndi dokotala kapena kukachitidwa opaleshoni adalephereka. Zipangizo zoyezera odwala zoposa 1 200 zidagwidwa nawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka mpata womwe vairasiyi idalowera, mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri adali asadachilandire.

Mungafunse kuti: nanga bwanji osangoisiya kompyuta ya makina kuti izidzikonza yokha kudzera pa intaneti, monga imachitira foni yanu? Apa pali mfundo yovuta. Pulogalamu yoyendetsa makina idayesedwa ndi opanga pa mtundu winawake wa Windows, itakonzedwa mwanjira inayake. Kusintha kosayesedwa kungachititse kuti kompyuta isiye kuona makina, kapena idziyambitsenso yokha kuyeza kuli mkati. Komanso makina a sayansi amakhala zaka zambiri kuposa Windows yomwe adabwera nayo. Microsoft idasiya kusamalira Windows XP mu Epulo 2014 ndi Windows 7 mu Januwale 2020, pomwe makina ambiri ogulidwa m'zaka zimenezo akadali ndi moyo m'malabotale a maiko osiyanasiyana.

Njira yake ndi yapakati. Kukonza kapena kusintha pulogalamu kumachitika ndi munthu wovomerezeka, potsata malangizo a opanga, pa nthawi yomwe palibe kuyeza kulikonse, ndipo asanayambe amasunga kaye kope la zotsatira zonse. Kompyutayo ikalumikizidwa ku intaneti, ikhale ya ntchito imodzi yokha, monga kutumiza zotsatira kwa madokotala ndi ku likulu. Ngati pakufunika fulashi, ikhale imodzi ya labotale yomweyo, yosayendayenda, yoyamba yafufuzidwa mavairasi pa kompyuta ina.

Magetsi, kutentha ndi fumbi

Magetsi akazima kuyeza kuli mkati, katiriji ija yatha ntchito. Singayambirenso pomwe idalekezera. N'chifukwa chake bokosi ndi kompyuta zonse ziwiri zimalumikizidwa ku UPS, batire lomwe limagwirizira magetsi akathawa. Koma UPS ili ndi malire. Mukalumikizako ketulo, fani kapena mafoni a anthu onse a mu dipatimenti, mphamvu yomwe ikadamalizitsa kuyeza imatha msanga. Mabatire ake amakalambanso, ndipo UPS yakale ingaoneke yamoyo koma n'kuzima pakangopita mphindi zochepa. Woyeza wanzeru akaona kuti magetsi azima ndipo jenereta kapena sola palibe, sayambitsa katiriji yatsopano.

Kutentha nakonso ndi mdani. Makinawa adapangidwa kuti azigwira ntchito m'chipinda chotentha pakati pa madigiri 15 ndi 30, ndipo katiriji za TB nazonso siziyenera kusungidwa pamalo otentha kwambiri. Aliyense wodziwa Chikwawa, Nsanje kapena m'mphepete mwa nyanja mwezi wa Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti kunja kumapitirira pamenepo. Chipinda chikatentha kwambiri, makina amalephera kuziziritsa madzi aja pa nthawi yake, ndipo kompyuta imayamba kuonetsa machenjezo. Fumbi likatseka sefa ya fani kumbuyo kwa bokosi, vutoli limakula. Choziziritsira chipinda mu labotale chimaikidwira makina, osati kusangalatsa ogwira ntchito.

Kamodzi pachaka, makinawa amayenera kufufuzidwa ndi katiriji zapadera kuti zitsimikizike kuti kutentha ndi maso ake akuyezabe molondola. Ntchito imeneyinso imachitikira pa kompyuta yomweyo.

Yankho likatuluka, ulendo sunathe

Zotsatira zonse zimasungidwa mkati mwa kompyuta. Ikabedwa, ikapsa ndi mphezi kapena ikangofa, mbiri ya zaka zingapo imapita nayo, pokhapokha ngati pali kope lina. Chakudza sichiimba ng'oma. Pulogalamu ya GeneXpert imakumbutsa yokha za kusunga kope, koma uthengawo ndi umodzi mwa omwe anthu amathamangira kuutseka. Kope losungidwa pa kompyuta yomweyo silithandiza. Liyenera kukhala pa chosungira china, chotsekeredwa pamalo ena.

Pochotsa zotsatira m'kompyuta kupita nazo kwina, napo pamatayika zinthu. Ku England, pakati pa 25 Seputembala ndi 2 Okutobala 2020, anthu 15 841 omwe adapezeka ndi Covid-19 sadawerengedwe m'chiwerengero cha boma. Makina oyezera adagwira ntchito bwino, ndipo eni ake adalandira mayankho awo. Vuto lidali posonkhanitsa zotsatira: zinkaikidwa mu fayilo ya Excel ya mtundu wakale, yomwe imathera pa mizere 65 536. Zopitirira pamenepo zinkangotsala, popanda chenjezo lomwe wina adaliona. Zotsatira zake, ntchito yofufuza anthu omwe adakhudzana ndi odwalawo idachedwa masiku angapo. Phunziro lake ndi losavuta: mukasamutsa zotsatira, werengani kuti zatuluka zingati ndipo zafika zingati, komanso musasinthe kanthu pa fayilo yoyambirira.

Pomaliza pali chinsinsi. Makina omwe amayeza TB amayezanso kuchuluka kwa HIV m'magazi ndi HIV mwa makanda, pongosintha katiriji. Ndiye kuti pa sikirini imeneyo pamadutsa nkhani zomwe eni ake sadauze ngakhale abale awo. Kujambula sikirini ndi foni n'kutumiza pa gulu la WhatsApp, dzina la munthu likuonekera, ndi kuphwanya ufulu wake, ngakhale cholinga chitakhala kufulumizitsa chithandizo. Kusiya kompyuta yotsegula popita ku nkhomaliro n'chimodzimodzi kusiya faelo ya wodwala pabenchi.

Mbali yanu ndi iti?

Ngati ndinu wodwala kapena mukuperekeza wodwala, onetsetsani kuti dzina ndi nambala zomwe zalembedwa pa botolo zikufanana ndi za pa fomu yanu, ndipo zalembedwa m'mbali mwa botolo, osati pa chivindikiro chokha. Tsukani m'kamwa ndi madzi, pumani mozama kangapo, ndipo perekani makhololo ochokera m'chifuwa, osati malovu. Chitirani zimenezi panja, kutali ndi anthu ena. Siyani nambala ya foni yomwe imagwira. Akakuuzani kuti muperekenso makhololo, musakwiye kapena kuchita mantha. Nthawi zambiri zikutanthauza kuti kompyuta yakana kupereka yankho lokayikitsa, ndipo kukana kumeneko kukuteteza inu. Kuyezetsa ndi kulandira mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi kwaulere.

Ngati ndinu wophunzira yemwe wangoyamba kumene mu labotale, kudziwa kompyuta ya kunyumba sikukupatsani chilolezo pa kompyuta ya makina. Pemphani kuti akuphunzitseni ndi kukupatsani dzina lanulanu lolowera. Lembani m'buku chilichonse chachilendo chomwe mwaona, pamodzi ndi nthawi yake. Uthenga womwe simukuumvetsa musautseke. Itanani wamkulu wanu adzauone. Musaikepo pulogalamu iliyonse, musasinthe tsiku, ndipo musafufute fayilo chifukwa choti simukuidziwa ntchito yake.

Ngati ndinu mmodzi mwa oyendetsa chipatala, sukulu ya ukachenjede kapena bungwe la kafukufuku, kumbukirani kuti anthu ambiri amalembera malipoti pa kompyuta ya makina chifukwa mu labotale mulibe ina. Kuletsa kokha sikukwanira. Pokonza bajeti, ikanimo kompyuta yachiwiri ya ntchito za mu ofesi, mabatire atsopano a UPS, chosungira makope a zotsatira, kukonzetsa choziziritsira chipinda ndi maphunziro a ogwira ntchito atsopano. Zinthu zimenezi sizioneka pa mwambo wolandira makina, koma ndizo zimachititsa kuti makinawo akhale akuyezabe anthu pakatha zaka zisanu.